Phunziro la Lamulo la Chitupa la ku Arizona

PA 23 Epulo, 2010, Bwanamkubwa wa chigawo cha Arizona m'dziko la United States of America, Mayi Jan Brewer, adasaina lamulo limene lidatchuka ndi dzina loti SB 1070. Mutu wa lamulolo udali wakuti wapolisi wa m'chigawocho akaimitsa kapena kugwira munthu pa mlandu wina uliwonse, ngakhale wa pamsewu, ndipo ngati pali chifukwa chomkayikitsa kuti munthuyo akukhala m'dzikomo popanda chilolezo, ayenera kufufuza za ziphaso zake. Pasanathe ndi mwezi womwe, dziko lonse lidagawikana pawiri. Ena adaliyamikira lamulolo ponena kuti papezeka chigawo cholimba mtima, pamene ena adalidzudzula kuti nlatsankho, nayamba kumema anthu kuti anyanyale Arizona, asapiteko, asakachitireko misonkhano, ndiponso asagule katundu wake.

Tsopano papita zaka zoposa 15. Mitima idatsika, milandu idaweruzidwa, ndipo atsogoleri ambiri a nthawi imeneyo adachoka pa maudindo awo. Nkotheka tsono kuyang'ana nkhaniyi mofatsa. Chimene ikuphunzitsa nchakuti dziko lililonse lili ndi udindo wolonda malire ake, koma ntchitoyo ndi ya Boma la dziko lonse, ndipo iyenera kugwiridwa mosapondereza Malamulo Aakulu amene amateteza munthu aliyense. Kunyanyala kudachita phokoso lalikulu ndipo kudapweteka anthu ambiri osalakwa. Amene adathyola mphamvu ya lamulolo ndi mabwalo a milandu pamodzi ndi anthu a m'chigawocho eni ake.

Kuti nkhaniyi imveke, nkofunika kudziwa kuti United States ndi chitaganya cha zigawo 50. Chigawo chilichonse chili ndi bwanamkubwa wake, nyumba ya malamulo yake ndi apolisi ake, koma pamwamba pa zonsezo pali Boma lalikulu la ku Washington, limene limayang'anira asilikali, ubale ndi maiko ena, unzika ndi malire. Malamulo Aakulu a dzikolo, amene adalembedwa m'chaka cha 1787, amanena m'ndime yake yachisanu ndi chimodzi kuti lamulo la Boma lalikulu likasemphana ndi la chigawo, la chigawolo liyenera kugonja.

Dandaulo la Arizona

Sichingakhale chilungamo kunena kuti anthu onse amene adavomereza lamuloli adali atsankho. Arizona adali ndi dandaulo lenileni. Chigawochi chimachita malire ndi Mexico pa mtunda wa makilomita pafupifupi 600, ndipo mbali yaikulu ya malirewo ndi chipululu. M'zaka za 1993 ndi 1994 Boma lalikulu lidakhwimitsa ulonda m'mizinda ya El Paso ndi San Diego kumene anthu ambiri ankadutsira, poganiza kuti chipululu chokhacho chidzaopseza otsalawo. Anthu sadaleke kubwera. Adangosintha njira nayamba kudzera m'chipululu cha Arizona, kumene chaka ndi chaka kunkapezeka mitembo yoposa 100 ya anthu ofa ndi ludzu ndi kutentha kwa dzuwa. Alimi oweta ng'ombe kufupi ndi malire ankapeza mipanda yawo itadulidwa, ndipo anthu ozembetsa mankhwala ozunguza bongo ankadutsa m'minda yawo.

Boma lalikulu lidayerekeza kuti m'chaka cha 2009 mu Arizona mudali anthu pafupifupi 460,000 opanda chilolezo. Iyi idali nthawi imene chuma cha dziko lonse chidagwa, ntchito zidasowa, ndipo anthu ambiri adalandidwa nyumba polephera kubweza ngongole. Nyumba ya Malamulo ya dziko lonse, yotchedwa Congress, idayesa kukonza malamulo a anthu obwera m'zaka za 2006 ndi 2007, koma idalephera. Kenaka m'mwezi wa Malichi, 2010, mlimi wina wodziwika adaphedwa ndi mfuti pa munda wake kufupi ndi malire. Wopha mnzakeyo sadagwidwe, komabe anthu ambiri adakhulupirira kuti adachokera kutsidya. Pasanathe mwezi, bilu imene phungu Russell Pearce adabweretsa, mothandizidwa ndi katswiri wa malamulo wa ku Kansas, Kris Kobach, idasanduka lamulo. Kafukufuku wa bungwe la Pew Research Center m'mwezi wa Meyi chaka chomwecho adapeza kuti anthu 59 mwa 100 alionse m'dzikomo adali kumbali ya lamulolo.

Dandaulo likakhala loona sindiye kuti mankhwala alionse amene munthu angatole ngoyenera. Mu lamuloli mudali ndime zinayi zimene zidautsa mkangano. Yoyamba ndi ija yolamula apolisi kufufuza za ziphaso. Yachiwiri inkati mlendo wopezeka wopanda chikalata chake cholembetsera ku Boma lalikulu wapalamula mlandu kwa chigawocho. Yachitatu inkati munthu wopanda chilolezo akafunsira ntchito kapena kuigwira, ngakhale ganyu, wapalamula. Yachinayi inkalola wapolisi kumanga munthu popanda kalata ya woweruza ngati akukhulupirira kuti munthuyo adachita cholakwa chimene angathamangitsidwe nacho m'dziko.

Pamene padagona vuto

Funso limene otsutsa lamuloli adafunsa lidali lapafupi, ndipo silidayankhidwe mokhutiritsa kufikira lero. Kodi wapolisi ataima pamsewu angamkayikire bwanji munthu kuti alibe chilolezo? Chilolezo sichilembedwa pamphumi. Chimene maso amaona ndi khungu, nkhope ndi zovala, ndipo chimene makutu amamva ndi chilankhulo. Kalembera wa 2010 adapeza kuti anthu pafupifupi 30 mwa 100 alionse mu Arizona ndi a mtundu wa Latino, kutanthauza anthu amene makolo awo adachokera ku Mexico ndi maiko ena olankhula Chisipanishi, ndipo ambiri mwa iwo ndi nzika zenizeni. Dera lonse limene lero ndi Arizona lidali m'manja mwa Mexico kufikira pangano la 1848 ndi kugulidwa kwa mbali yakumwera mu 1853. Alipo mabanja amene adali komweko malire asanalembedwe. A mtundu wa Tohono O'odham, amene adakhalako kuyambira kalekale, adagawidwa pakati ndi malirewo monga momwe malire a atsamunda adagawira Achewa pakati pa Malawi, Zambia ndi Mozambique.

M'dziko la United States nzika sikakamizidwa kuyenda ndi chikalata chotsimikiza unzika wake. Kotero lamulo lotere limagawa nzika pawiri ngakhale silinena choncho. Mzungu amayenda manja ali m'thumba osafunsidwa kanthu, pamene mnzake wa khungu lofiirira, wobadwira m'chipatala chomwecho, amayenera kusamala kuti asaiwale mapepala kunyumba.

Anthu a kuno kumwera kwa Africa safuna womasulira kuti amvetse nkhani ya chitupa. Makolo ambiri amene adakagwira ntchito ku Rhodesia ndi ku South Africa adadziwa kulira kwa pinto wa wapolisi ndi mantha oyenda opanda pasi, ndipo pa 21 Malichi, 1960, anthu 69 adaphedwa ku Sharpeville pochita zionetsero zokana pasi. Nzoona kuti lamulo la ku Arizona silidafike pamenepo. Silidatchule mtundu wa munthu, ndipo patangopita sabata imodzi aphungu adalikonza polembamo kuti wapolisi asaganizire mtundu kapena khungu kupitirira pamene Malamulo Aakulu amalola. Koma zimene zalembedwa m'buku ndi zimene zimachitika pamsewu usiku sizilingana nthawi zonse. Anthu a Arizona ankakumbukira zimene zidachitika m'tauni ya Chandler m'mwezi wa Julayi, 1997, pamene apolisi pamodzi ndi alonda a malire adatha masiku angapo akuimitsa anthu ooneka ngati a ku Mexico. Pakati pa oimitsidwawo padali nzika zambiri, ndipo pambuyo pake khonsolo ya tauniyo idalipira chipukuta misozi.

Malamulo Aakulu a dzikolo sakhala chete pa nkhaniyi. Ndime Yoonjezera Yachinayi, ya 1791, imaletsa kusecha kapena kugwira munthu popanda chifukwa chomveka. Ndime Yoonjezera ya 14, ya 1868, imaletsa chigawo kumana munthu aliyense chitetezo chofanana cha malamulo, ndipo olembawo adasankha mau oti munthu pamalo pamene akadatha kulemba kuti nzika. Potsata mau amenewa, Bwalo Lalikulu la Milandu lidateteza Matchaina ochapa zovala ku San Francisco mu 1886, ndipo mu 1982 lidaletsa chigawo cha Texas kutsekera kunja kwa sukulu ana opanda ziphaso. Mu 1975 Bwalo lomwelo lidagamula kuti maonekedwe a Chimexico paokha sakwanira kuti alonda a malire aimitse galimoto, ngakhale lidavomereza kuti angaganiziridwe pamodzi ndi zifukwa zina. Kampata kameneko ndiko kakhala kakuvutitsa anthu kufikira lero.

Kunyanyala

Kunyanyala ndi chida chakale cha anthu opanda mphamvu, ndipo m'dziko la United States nchololedwa. Anthu akuda a mumzinda wa Montgomery adanyanyala mabasi masiku 381 kuyambira mu Disembala, 1955, ndipo mu 1982 Bwalo Lalikulu lidagamula kuti kunyanyala masitolo mwamtendere pofuna kusintha zinthu m'dziko ndi mbali ya ufulu wa kulankhula. Arizona naye adali atalawapo kale ululu wake. Bwanamkubwa Evan Mecham atafafaniza tsiku lokumbukira Martin Luther King mu 1987, ndipo ovota atakana kulibwezeretsa mu 1990, akuluakulu a mpira wa ku America adasamutsa masewera aakulu a Super Bowl a 1993 kupita nawo ku California. Mu 1992 ovota adavomereza tsikulo, ndipo masewerawo adachitikira ku Arizona mu 1996. Anthu amene adamema anzawo mu 2010 ankayembekeza kuti mbiri ibwereza.

Mmodzi mwa oyamba kuitanitsa kunyanyala adali phungu wa ku Congress wochokera ku Arizona komweko, Raúl Grijalva. Pa 12 Meyi, 2010, khonsolo ya mzinda wa Los Angeles idavota, makhansala 13 kutsutsana ndi mmodzi, kuti ileke kutumiza antchito ake ku Arizona ndi kuchita malonda atsopano ndi makampani a kumeneko. Mzinda wa San Francisco ndi ina idachitanso chimodzimodzi. Bungwe lalikulu la anthu a mtundu wa Latino, la National Council of La Raza, lidalowa nawo. Oimba ambiri adakana kukaimba m'chigawocho. Boma la Mexico lidachenjeza nzika zake za kuopsa kopitako, ndipo Pulezidenti Felipe Calderón adadzudzula lamulolo pamaso pa Congress. Ngakhale timu ya basketball ya mumzinda wa Phoenix idavala malaya olembedwa Los Suns pa 5 Meyi posonyeza kuti ili kumbali ya anthu olankhula Chisipanishi. Bungwe la Center for American Progress, limene linkatsutsa lamulolo, lidawerengera mu Novembala, 2010, kuti misonkhano imene idalephereka idatayitsa chigawocho madola 141 miliyoni.

Nkoyenera kufunsa kuti ndalama zimenezo zidachoka m'thumba la yani. Msonkhano ukalephereka, phungu amene adalemba lamulo amalandirabe malipiro ake pakutha pa mwezi. Amene amauzidwa kuti akhale kunyumba ndi woyala mabedi m'hotela, wophika, wotsuka mbale ndi woyendetsa takisi, ndipo ku Arizona ambiri mwa antchito amenewa ndi a mtundu wa Latino, anthu omwewo amene onyanyalawo ankati akuwamenyera nkhondo. Walira mvula walira matope, koma apa matopewo adaterera ena. Chipwirikiti chidafika poti anthu ena ankamema anzawo kuleka kumwa chakumwa chotchedwa AriZona Iced Tea, osadziwa kuti kampani yake ndi ya ku New York.

Kunyanyala kudautsanso makani. Mmodzi mwa akuluakulu oyang'anira za magetsi ku Arizona, Gary Pierce, adalembera kalata mfumu ya mzinda wa Los Angeles, Antonio Villaraigosa, kuikumbutsa kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a magetsi a mzindawo limachokera ku Arizona. Okonda lamulolo adayamba kumemana kuti agule katundu wa Arizona mwadala. Masewera aakulu a baseball a All-Star, amene onyanyala ankafuna kuti asamutsidwe, adachitikira ku Phoenix komweko mu Julayi, 2011. Ndipo Mayi Brewer, amene asanasaine lamulolo mpando wawo unkagwedera, adapambana chisankho cha mu Novembala, 2010. Munthu akadzudzulidwa ndi akunja kawirikawiri amaumitsa khosi.

Komabe kungakhale kunama kunena kuti kunyanyala sikudaphule kanthu. Kudadzutsa eni malonda a m'chigawocho. Mu Malichi, 2011, pamene Pearce, amene tsopano adali mtsogoleri wa nyumba ya Senate ya Arizona, adabweretsa mabilu ena okhwima koposa, kuphatikizapo ofuna kutsutsa unzika wa ana obadwira m'dzikomo kwa makolo opanda ziphaso, akuluakulu a makampani pafupifupi 60 adamlembera kalata yompempha kuti aleke chifukwa mbiri ya chigawocho idali itaipa ndipo malonda ankalowa pansi. Aphungu adakana mabilu asanu tsiku limodzi, ndipo ena mwa okanawo adali a chipani chake chomwe cha Republican. Pa 8 Novembala, 2011, anthu a m'dera lake la Mesa adamchotsa pa mpando nthawi yake isanathe, nasankha Jerry Lewis, wa chipani chomwecho. Aka kadali koyamba m'mbiri ya Arizona kuti phungu achotsedwe motero.

Apa ndi pamene pali phunziro kwa onse ogwiritsa ntchito chida chimenechi. Ku Montgomery onyanyala adali eni mzinda, amene adasankha okha kuyenda pansi, ndipo ankadziwa chimene akufuna ndi kwa yani. Ku Arizona ambiri mwa onyanyala adali kutali, ndipo mtolo adasenzetsa ena. Chida chotere chimapindula chikafika pokopa eni dera kuti akonze okha zinthu zawo, ndipo ochigwiritsa ntchito ayenera kudziwa nthawi yochiika pansi. Grijalva adabweza pempho lake bwalo la milandu litangoimitsa mbali zina za lamulolo mu Julayi, 2010, ndipo bungwe la La Raza lidathetsa kunyanyala kwake mu Sepitembala, 2011.

Chigamulo cha Bwalo

Pamene anthu ankakokana m'misewu, nkhani yeniyeni inkazengedwa m'mabwalo. Pa 6 Julayi, 2010, Boma la Pulezidenti Barack Obama lidasumira chigawo cha Arizona. Pa 28 Julayi, kutatsala tsiku limodzi kuti lamulolo liyambe kugwira ntchito, woweruza Susan Bolton adaimitsa ndime zinayi zija. Mlandu udakwera kufikira ku Bwalo Lalikulu la Milandu, limene lidapereka chigamulo chake pa 25 Juni, 2012. Oweruza asanu mwa asanu ndi atatu amene adamva mlanduwo adagwirizana kufafaniza ndime zitatu, ya chikalata cholembetsera, ya ntchito, ndi ya kumanga popanda kalata.

Woweruza Anthony Kennedy, amene adalemba chigamulocho, adavomereza kuti Arizona adali ndi zifukwa zomveka zokhumudwira, koma adati chigawo sichingatsate njira zimene zikufooketsa lamulo la dziko lonse. Momwe dziko limasungira alendo zimakhudza ubale wake ndi maiko ena ndiponso momwe nzika zake zimasungidwira kunja, choncho pa nkhani yotere dziko liyenera kulankhula ndi pakamwa pamodzi. Bwalo lidakumbutsa kuti mu 1941 lidafafaniza kale lamulo la chigawo cha Pennsylvania lokakamiza alendo kulembetsa ndi kuyenda ndi khadi, ndi kuti mu 1986 Congress idasankha mwadala kulanga wolemba ntchito m'malo moika m'ndende wogwira ntchitoyo. Lidanenanso kuti mwa lamulo la dzikolo, kungokhala m'dziko popanda chilolezo kawirikawiri si mlandu wopita nawo kundende, ndi nkhani yothamangitsidwa nayo basi.

Woweruza Antonin Scalia adatsutsa mwamphamvu. Iye adati chigawo chimene sichingathe kuletsa anthu osaloledwa kulowa m'dera lake chalandidwa ulamuliro wake, makamaka pamene Boma lalikulu likulephera kugwira ntchito yake. Maganizo amenewa ali ndi kulemera kwake, chifukwa nzoona kuti Washington adagona pa ntchito. Koma yankho lake nlakuti zigawo 50 zikakhala ndi malamulo 50 a alendo, munthu mmodzi angakhale wololedwa m'mawa nkusanduka wopalamula madzulo chifukwa chongowoloka mlatho. Mfumu ikachedwa kuweruza mlandu, anthu amaikakamiza kuti iweruze. Salola kuti nyakwawa iliyonse iyambe kudula milandu ya dziko lonse monga ikufunira.

Ndime yofufuza ziphaso ija Bwalo lidaisiya, oweruza onse atagwirizana, ponena kuti idali isanayambe kugwira ntchito ndipo sikudali koyenera kuiweruza pongoganizira. Lidachenjeza komabe kuti kusunga munthu nthawi yaitali pofuna kungofufuza ziphaso zake kungaswe Malamulo Aakulu. Mbali zonse ziwiri zidavina kuti zapambana. Mabungwe omenyera ufulu adapitiriza mlandu wawo kufikira mu Sepitembala, 2016, pamene mkulu wa zamalamulo wa chigawocho, Mark Brnovich, adatulutsa malangizo akuti wapolisi asaimitse munthu kapena kutalikitsa nthawi yomsunga pa chifukwa cha ziphaso chokha. Ndimeyo idatsala m'buku, koma mphamvu yake yambiri idatha.

Kuti mantha a anthu sadali opanda pake zidaoneka pa mlandu wa Joe Arpaio, mkulu wa apolisi wa boma la Maricopa, kumene kuli mzinda wa Phoenix. Iyeyu adayamba kusesa madera a anthu a mtundu wa Latino lamulo la SB 1070 lisanabadwe, ndipo adasumiridwa mu 2007. Mu Meyi, 2013, woweruza Murray Snow adapeza kuti apolisi ake ankaimitsa ndi kusunga anthu poyang'ana mtundu wawo. Mu Novembala, 2016, ovota adamchotsa atakhala pa udindowo zaka 24. Mu Julayi, 2017, adapezeka wolakwa pa mlandu wonyoza bwalo chifukwa chosamvera lamulo loti aleke, ndipo mwezi wotsatira Pulezidenti Donald Trump adamkhululukira. Ndalama zimene okhoma msonkho a Maricopa alipira pa mlanduwo ndi pokonza apolisi awo zidapitirira madola 200 miliyoni. Nkhuyu zodya mwana zidapota akulu.

Zigawo zimene zidatengera Arizona mu 2011 zidaonanso zakuda. Ku Georgia alimi adadandaula kuti mbewu zikuwolera m'minda posowa okolola. Ku Alabama, kumene lamulo lidafika polamula masukulu kufufuza za ziphaso za ana, apolisi a mumzinda wa Tuscaloosa adamanga mkulu wina wa ku Germany wa kampani ya Mercedes-Benz, imene ili ndi fakitale yaikulu m'chigawocho, chifukwa adasiya pasipoti yake ku hotela. Mlanduwo udathetsedwa msanga, koma anthu adafunsa kuti zikadatha bwanji akadakhala mmphawi wothyola matimati. Mabwalo adafafaniza mbali zambiri za malamulo amenewa.

Nkhani sidathe

Muzu wa vutoli sudazulidwe. Mu 1986, m'nthawi ya Pulezidenti Ronald Reagan, Congress idakonza malamulo a obwera ndipo anthu pafupifupi 2.7 miliyoni adalandira chilolezo. Kuchokera pamenepo sidakwanitsenso ntchito yaikulu yotere. Mu Juni, 2013, nyumba ya Senate idavomereza bilu yokonza zinthu ndi mavoti 68 kutsutsana ndi 32, koma nyumba inayo sidaikambirane nkomwe. Pa chifukwa ichi zigawo zidayambanso kudzichitira. Texas adapanga lamulo mu 2023 lolola apolisi ake kumanga owoloka malire mozemba, ndipo lidakathera m'mabwalo. Mu Novembala, 2024, ovota a Arizona adavomereza lamulo lofanana nalo lotchedwa Proposition 314. Mu Sepitembala, 2025, Bwalo Lalikulu lidachotsa mongoyembekezera chiletso chimene bwalo laling'ono lidaika choti antchito a Boma lalikulu ku Los Angeles asamaimitse anthu pongoyang'ana mtundu, chilankhulo, malo kapena ntchito yawo. Izi zikusonyeza kuti kupereka ntchito ya malire kwa Boma lalikulu pakokha sikutsimikiza ufulu wa munthu. Nalonso liyenera kuyenda pansi pa Malamulo Aakulu omwewo.

Anthu ofuna kuti malire alondedwe ali ndi mfundo, pakuti dziko losadziwa amene akulowa ndi kutuluka silingakonze bwino za sukulu, zipatala ndi chitetezo cha anthu ake. Koma ayenera kuzindikira kuti mphamvu imene apatsa wapolisi lero kuti aimitse mlendo pongomuona nkhope ndi yomweyo imene idzaimitse mwana wawo mawa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Komanso anthu akayamba kuopa wapolisi, mayi womenyedwa sakadandaula, ndipo mboni yoona wakuba imatseka pakamwa. Nchifukwa chake akuluakulu ena a apolisi mu Arizona momwemo adatsutsa lamulolo kuyambira pachiyambi.

Nawonso omenyera ufulu wa obwera ayenera kuvomereza kuti kunyoza anthu onse a chigawo ngati atsankho sikutembenuza mtima wa munthu, ndipo kulanga wantchito wa m'hotela chifukwa cha tchimo la phungu si chilungamo. Zimene zidapindula zidachitika pang'onopang'ono ndi mwakhama, monga kusonkhanitsa umboni, kupita nawo ku bwalo, kulembetsa anthu m'kaundula wa ovota, ndi kuyenda khomo ndi khomo ku Mesa kufikira phungu wamphamvu koposa onse m'chigawocho adagwa pa chisankho.

Udindo waukulu uli pa aphungu a Congress. Iwo ndiwo ali ndi mphamvu yolemba lamulo limodzi lomveka, lonena amene angalowe, njira imene wofuna ntchito angatsate poyera, ndi chochita ndi anthu mamiliyoni amene akhala m'dzikomo zaka zambiri, nabereka ana amene ndi nzika. Mlandu suwola. Malinga aphunguwo akuzengereza, zigawo zidzapitiriza kupanga malamulo a mkwiyo, mizinda idzapitiriza kunyanyalana, ndipo oweruza adzapitiriza kusenza katundu amene sadali wawo. Wovutika pa zonsezi adzakhalabe munthu wamba woimitsidwa pamsewu, amene Malamulo Aakulu a dziko lake adamlonjeza kuyambira mu 1868 kuti adzatetezedwa mofanana ndi wina aliyense.